Bowo la Mfuti ya a Elkanah

A Elkanah Tackett chibadwire sanaphonyepo. Funsani aliyense kuno ku Tolliver Gap, akuuzani zomwezo, chifukwa eni akewo anatiuza tonse kambirimbiri, ena tili maso, ena tikusinza. Chipolopolo chikalowera kutchire, wolakwa sanali iwo ayi, inali mfuti. Ndiye m'mawa mwake mumangowaona akutsetsereka phiri, mfuti paphewa, galu wawo Ring pambuyo, ulendo wa kuchipala kwa wosula zitsulo, a Harmon Ledford, kukakulitsa bowo.

Mfutiyo inali gogodela ya agogo awo, yaitali yolekeza m'chibwano, yoyaka ndi mwala. M'mapiri a Tennessee muno anthu anali atasiya kale za mwala, koma a Elkanah ati moto wogula m'sitolo sangaudalire. Anaitcha Polly. Akazi awo, mayi Drusilla, ankati iwo anakwatiwa pamitala, ndipo wamkulu ndi Polly, poti ndiye ankadzola mafuta tsiku ndi tsiku, ndiponso mvula ikamadontha m'nyumba malo ouma anali ake.

Koma tinene zoona, bamboyo ankalasa. Kwathu kuno kukula kwa mfuti timayeza pofunsa kuti paundi imodzi ya mtovu ikutulutsa zipolopolo zingati, ndipo Polly masiku amenewo ankadya tizipolopolo 120 pa paundi, tonga nsawawa. Ndi timeneto a Elkanah gologolo sankamulasa thupi. Ankalasa khungwa la nthambi pansi pa mimba yake, gologolo n'kugwa chikomokere wopanda bala. Chimanga chikalowa m'nkhokwe timachita mpikisano wolimbirana ng'ombe. Aliyense amagona chafufumimba kuseri kwa chipika n'kuwombera thabwa lake lojambulidwa mtanda. Woyamba amasankha mwendo wam'mbuyo, enawo n'kumatsatira, mpaka wotsiriza amangokakolopola mtovu mumtengo. Chaka china a Elkanah anapambana magawo onse, ng'ombe n'kuikusa yamoyo kupita nayo kwawo, akutsanzika munthu aliyense ndi dzina lake kuti zimupweteke bwino.

A Harmon anakulira nawo limodzi. Anali munthu wofatsa, wa manja akuluakulu, wosadziwa kukana. Tsiku limene a Elkanah anatsika koyamba ataphonya thabwa ndi chikhatho chathunthu, a Harmon sanadabwe. Chitsulo cha mfuti zakale n'chofewa, mizere ya m'kati yowongola chipolopolo imatha.

"Wakalamba m'mimba mtsikanayu," anatero a Elkanah. "Mupale."

"Tiyeni timuone."

"Kumuona chiyani? Ndakuuza ine. Chipolopolo chikungoyenda m'menemo ngati woledzera."

Ntchito yake si yamasewera. Umachotsa mpope wa mfuti pathabwa lake, n'kulowetsa chitsulo chachitali chopalira, wachipaka mafuta a nkhumba. Ukapala n'kupala, umawonjezera kapepala kamodzi kuseri kwa chitsulocho kuti chilume pang'ono, n'kuyambanso. Ukatero uyambe kudula mizere yatsopano, kuyenda chamtsogolo ndi chambuyo tsiku lonse ngati ng'ombe yapagoli. Pomaliza ukulitsenso chikombole choumbira zipolopolo, chifukwa mfuti iliyonse ili ndi chikombole chakechake. A Harmon anagwira masiku anayi, Polly n'kutuluka akudya 90 pa paundi. A Elkanah anapita akuimba nyimbo yakutchalitchi.

Chaka chisanathe, anabweranso.

"Wayambanso mwano."

"Elkanah, mizere iyi ndadula ndekha chaka chomwe chino. Ikadali yakuthwa."

"Ndiye kuti bowo lachepa. Taganiza iwe: ndaphonya ndi kachala kamodzi. Chipolopolo chikanakhala chonenepa ndi kachala kameneko, si bwenzi chitakhudza?"

A Harmon anakanda m'mutu. Nzeru imeneyi inali yokhota, koma pofuna kuiwongola mawu anawasowa. Anadziuza mumtima kuti mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere im'fotere yekha. Anapala. Polly anafika pa 60.

Apa ndiye agologolo anaona zakuda. Akalasidwa mwangozi, kumatsika mchira wokha. Mayi Drusilla anafunsa ngati mchirawo aukazinge kapena asesere m'nyumba. Mtovu nawo unayamba kutha msangamsanga, moti tsiku lina mayiwo anapeza supuni zawo ziwiri za chikwati zitalowa m'chikombole.

Chimene chinkavuta a Harmon anachigwira tsiku la msika. Mkazi wa mbusa ankadutsa patsidya pa msewu, a Elkanah n'kuvula chipewa.

"Moni, a Jedediah! Ndevu zija mwameta liti?"

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, a Elkanah n'kunamizira dzuwa. A Harmon okha sanaseke. Mtima wawo unangoti phaa, chifukwa anadziwa kuti nthenda si ya Polly.

Tsono mankhwala a nthenda imeneyi amadziwika. Pamwamba pa mpope pamakhala kachitsulo kong'ambika pakati koyang'anirapo polozetsa. Timakatcha diso la mfuti. Munthu akamakula, diso limeneli limayamba kuoneka mbuu, ndiye wosula amadula kampata katsopano kutsogolo pang'ono, n'kulisunthira kumeneko. Kampata kakale amakatseka ndi mkuwa, ndipo pamatsala chipsera choti aliyense aone. Vuto linali lakuti kwa zaka makumi atatu a Elkanah ndiwo ankawerenga zipsera za anzawo mokweza pampikisano. "Chimodzi? Pepa bwanawe, layamba kupendeka dzuwa. Ziwiri? Kasende mbatata ndi amayi. Zitatu? Benchi ya madoda ndi iyo, kakhale uziyeza mathabwa a amuna!" Ndiye iwowo akaonekere ndi chipsera? Ha!

A Harmon anadikira mpaka atabweranso kachitatu. Anatseka chitseko cha chipala, manja akupukuta pachikopa chawo ngakhale anali ouma.

"Elkanah, bwanji tisunthe diso? Pang'ono pokha, zala zitatu."

"Diso la yani?"

"La Polly."

"Lalakwa chiyani?"

"Silinalakwe. Kungoti tonse tikukula."

"Ukukula ndiwe! Ine ntchentche ili apo pakhoma ndikuiona, ndipo ndi yaikazi."

"Umenewo ndi msomali."

"Ndiye msomali waukazi! Iwe Harmon, ukufuna ana a dzulodzulo aziloza Polly ndi chala? Pala bowo. Ukakana, ndikwera phiri ndikam'patse wosula mikombero ya ngolo uja. Iye uja safunsa mafunso."

Apa mpamene a Harmon anagwidwa pakhosi. Wa ngolo uja akanapala mokhota, mbali ina n'kutsala ngati chikhadabo. Anadzinyengerera kuti bola awononge okha mosamala kusiyana n'kuti wina awononge mosasamala. Anapala. Koma ulendo uno ntchito sinakome. Polly anatuluka akudya 40 pa paundi, kutsogolo kwake chala cha mkombaphala chikulowa, chitsulo cha m'mbali chitatsala chochititsa manyazi.

Ndipo tsoka lenileni linali apa. Muyeso wa wonga wa a Elkanah unali wachikale uja: uika chipolopolo pachikhatho, n'kuthira wonga mpaka chitabisika. Chipolopolo chikakula, mulu wa wonga nawo ukula. Ndiye taonani, chitsulo chikunka chichepa, moto ukunka uchuluka. A Harmon anawasemera kamuyeso ka nyanga ya gwape, kakang'ono bwino, n'kuwapempha ngati akupempha mwana kumwa mankhwala.

"Uzithira kamodzi kokha aka. Chonde."

"Agogo anga ankayeza ndi dzanja, bambo anga ndi dzanja, ine ndikayeze ndi chikho cha mbalame?"

Kamuyesoko anakam'mangirira Ring m'khosi, ati kamukhala.

Kuyambira pamenepo Polly akalira, chigwa chonse chinkadziwa. Nkhuku zinkasiya kuikira, mazenera a tchalitchi n'kunjenjemera, eni ake n'kudzuka pachipika chipewa chili uko, phewa lili bii. Ife tinkaseka. A Harmon akamva kulirako ali kuchipala, nyundo inkaima m'malere. Ankadikira osapuma mpaka amve mawu a a Elkanah akukalipira mphepo, ndiye n'kumenya chitsulo chitazizira kale. Anaonda bamboyo. Chakudya chinkangobwerera m'mbale.

Tsiku lina mayi Drusilla anatsika okha. Sanalonjere.

"A Ledford, mwatsala ndi kupala kungati kuti mundisandutse wamasiye?"

"Mayi, ndinawauza ine."

"Munawauza, kenako munapala. Katatu konse. Ine uja amati ndine mkazi, za mfuti sindizidziwa. Inu amakumverani."

"Sandimvera."

"Sakumverani chifukwa simunakanepo! Kufatsa kwanuku kudzapha munthu. Dzulo andifunsa kuti ndaima pakhomo bwanji osalankhula, chonsecho linali diresi lili pachingwe."

A Harmon anasiya nyundo. Anangoyang'ana pansi, khutu likutentha, chifukwa mayiwo ananena zimene iwo ankadziuza okha tsiku lililonse.

Zinafika pachimake Lachitatu lina, sabata ya mpikisano, dzuwa lili pamutu. Nkhandwe inali itavuta kukhola la nkhuku kwa a Tackett. A Elkanah anaona chinthu chofiirira chikuzembera kuseri kwa mpanda, ndipo ulendo umenewo sanaphonye. Anali Ring.

Madzulo ake anatsika phiri pang'onopang'ono, palibe wowatsata pambuyo, dothi la kumanda a galu likadali m'mawondo. Anaika mfuti patebulo la a Harmon mwaulemu, n'kukhala pa mgolo.

"Anagwedeza mchira, Harmon," anatero. "Nditafika pomwe anagwa, anagwedeza mchira."

A Harmon anaika nyundo pansi.

"Sunthira kutsogolo diso lija. Zala zinayi, kaya zisanu, umo uonere. Aseke amene aseke."

Mawu amene a Harmon anawadikira zaka zitatu anali amenewo. Anachotsa mpope pathabwa mwachimwemwe, natenga tupa. Koma poyeza pamwamba pamene akanadula kampata, chimwemwe chinathera pomwepo. Chitsulo panalibe. Tupa ikanangodutsa kangapo, ikanatulukira m'kati. Anatsetsereka ndi zala kumunsi, cha kumene wonga umayakira, n'kupeza potupa. Atapukuta ndi mafuta, kamng'alu kanaoneka, kowonda ngati tsitsi, kotalika ngati chala.

"Bwanji wangoti zii?"

"Elkanah, palibe podula. Chitsulo chatha."

"Chapita kuti?"

"Ndinachipala ndine. Chili m'zinyalala umo."

"Ndiye mata ndi mtovu disolo."

"Ngakhale ndimate. Bwera ugwire apa. Wamva? Wang'aluka. Akalira kamodzi, mwina kawiri, akuphulikira kumaso."

A Elkanah anasisita pamalopo ndi chala chachikulu. Aliyense akanaganiza kuti amva. Koma anadzuka n'kukonza chipewa, ndipo mawu awo akale aja anabwerera.

"Kamng'alu aka? Agogo anga anapha chimbalangondo ndi mng'alu woposa apa. Mata diso, bweza pathabwa. Loweruka ndikawombere kamodzi kokha, ndilase mtanda, anthu aone kuti vuto linali diso la mfuti. Ndikatero ndikam'pachika."

"Ndikusulira mpope wina. Pofika Khirisimasi watha."

"Wina si Polly."

"Elkanah, ufa."

"Ndi nkhope yanga, si yako. Bweretsa."

Anatambasula dzanja. A Harmon anayang'ana dzanjalo, ndipo anadziwa bwinobwino mmene zithere: adzakana kawiri, kachitatu adzapereka, monga mwa masiku onse, Loweruka n'kukanyamula mnzawo pachitseko. Anadziwanso kuti akabisa mpopewo, a Elkanah adzagona pakhomo mpaka aupeze. Mantha ndi ukali zinawakwera limodzi. Anatembenuka, anagoneka mpope pachitsulo chosulirapo, n'kukweza nyundo yaikulu.

Anamenya katatu. Chitsulo chinali chopyapyala moti sichinalimbe n'komwe, chinangophwatalala ngati phesi.

A Elkanah anafufuza patebulo, anatola thabwa la mfuti lopanda mpope, nalikumbatira. Ali pakhomo anatembenuka.

"Harmon Ledford, lero ndaika maliro awiri. Iwe ndiwe wachitatu."

Tonse tinkati pofika Lamulungu zikhala zitatha. Kalanga ine, sitinawadziwe a Elkanah. Anakhala zaka zina zisanu ndi chimodzi, ndipo kwa a Harmon sanalankhulenso ngakhale liwu limodzi. Kutchalitchi anasintha mbali. A Harmon anasula mpope watsopano nyengo yachisanu yomweyo, wokongola, wa chitsulo chochindikala, diso lili kutsogolo popanda chipsera. Anautumiza katatu, unabwerera katatu. Kachitatuko unabwera ndi uthenga wakuti kunyumba kwa a Tackett zochirikizira chitseko zilipo kale.

Kumpikisano sanasiye kubwera. Pabenchi ya madoda anakana kukhala, ankanyamula mpando wawowawo n'kuuika pambali pa benchiyo, chala chimodzi chokha kutalikirana. Maso atatheratu, anayamba kuweruza ndi makutu. Mfuti ikangolira, iwo ali kale, "Waphonya ameneyo! Kumanzere! Ndamva kulira kwake!" Chokwiyitsa n'chakuti kawirikawiri ankalondola. Akapanda kulondola, ati thabwa laikidwa mokhota.

A Harmon zonsezi ankazionera patali. Anthu ankawauza kuti anachita bwino, mayi Drusilla ankawatumizira uchi mobisa, koma iwo mtima sunakhale pansi. Masiku ena ankati anapulumutsa munthu. Masiku ena ankati anaononga mfuti ya mnzawo pang'onopang'ono chifukwa cha mantha, n'kuimaliza ndi nyundo chifukwa cha manthanso. Chimene chinkawawawa koposa n'chakuti chipala chinangoti zii. Zaka makumi asanu munthu akukusokosera m'khutu, ukamati wapuma, umapeza kuti phokosolo ndilo linkakugwiritsa ntchito.

A Elkanah anamwalira ndi chibayo mwezi wa February, pabedi pawo, nkhope yawo yathunthu, zala zonse khumi. Akuti mawu awo omaliza anali okalipira dokotala kuti mankhwala ake ndiwo aphonya.

Chichokereni iwo, Tolliver Gap yasanduka malo a anthu aulemu, ndipo n'zosakoma. Mpikisano ukuchitikabe, koma munthu akaphonya amangoti "ndaphonya," n'kudzuka kukasasa fumbi. Palibe wonamizira mphepo, palibe wowerenga zipsera, ng'ombe imagawidwa mwakachetechete ngati pamaliro. Anyamata amene ankatukwanidwa aja ndiwo amayamba kukamba nkhani za a Elkanah, n'kulekeza pakati.

Patatha sabata chiikireni maliro, mayi Drusilla anatsikira kuchipala. A Harmon anawapatsa mgolo woti akhalepo, nazungulirazungulira, kenako anafunsa chimene chinkawadya.

"Sananditchuleko?"

"Pomwalira? Ayi. Musadzinamize."

A Harmon anagwedeza mutu.

"Koma inunso, a Ledford, mtima wanu ndi wouma. Munthu zaka zisanu ndi chimodzi akukhala pamtunda apo m'mawa uliwonse, inu osakweza ngakhale dzanja?"

"Pamtunda pati?"

"Apo, pampanda wa msipu wanu, moyang'anana ndi khomo lino. Ndinkawaperekeza ndine, ndi chikhoti chawo chakuda chija, n'kudzawatenga dzuwa likakwera. Ati akudzamvera nyundo. Akabwera kunyumba ndiye ndemanga: lero wamenya bwino, lero waulesi. Tsiku lina anati, 'Akumenya mofooka, kaone ngati akudwala.' Uchi uja mumati ndinkatumiza ndine? Iwo ankati mukadzangowaitana kamodzi, adzatsika adzakutukwaneni, zithe. Inu mumatuluka, kuyang'ana komweko, n'kulowanso."

A Harmon anatuluka panja, dzanja pamphumi. Anatsinzinira, anatong'ola, anapukuta m'maso ndi chikhatho. Mpanda unkaoneka mbuu, monga unkaonekera zaka zonsezi.

"Mayi," anatero, "ine ndinkayesa chitsa."

M'mawa mwake sanayatse moto. Anakwera mtundawo wapansi, akupumira m'njira, mpaka anafika pampanda. Chitsa panalibe. Panali udzu wofwifwa, wogona pansi, malo okwana munthu mmodzi.